Ukaone malo atatu usanagule pampu

Mphwanga, uthenga wako uja ndaumva, wakuti madzi akufika mofooka kudimba chonsecho thanki ndi yodzadza. Usathamangire kugula pampu ayi. Thanki yako ili pamwamba mamita 2 okha ndipo paipi ndi yaifupi, ndiye sentimita iliyonse ndi yofunika. Paja mphamvu ya madzi timaiyeza ndi kutalika kwa pamene akuchokera.

Yambira potulukira madzi pathankipo. Ikaphwa, usuzumire mkati. Ukapeza paipi yalowerera mkatimo, yatulukira ngati chala, vuto loyamba ndi limenelo. Pamlomo wotero madzi amalowa mopanikizana, ena n'kumangozungulira m'mbali, mphamvu n'kuthera pomwepo. Tiyerekeze kuti akuthamanga mamita 2 pa sekondi, liwiro limenelo ndi mphamvu ya masentimita 20. Paipi yolowerera mkati imadyapo 16. Ikadulidwa molingana ndi khoma la thanki koma mlomo uli wakuthwa, imadya 10. Wamva kusiyana kwake? Tsono utenge tupa, upale mlomowo mkati kuti ubulungire ngati kukamwa kwa mtsuko. Ukabulungira mokwanira, zotayika sizifika ndi sentimita imodzi yomwe. Ngakhale kungopala pang'ono kumathandiza, koma usamale, usaononge labala yotseka madzi ija.

Kenaka upite pamene unalumikiza paipi ya inchi imodzi ku ya mainchesi 2. Ambiri amati paipi ikangokula basi zatheka. Kukula n'kwabwino ndithu, koma osati mwadzidzidzi. Madzi othamanga aja amakagunda anzawo oyenda pang'onopang'ono, liwiro limagwa kuchoka pa mamita 2 kufika theka la mita, ndipo masentimita 11 apita. Ukagule cholumikizira chokula pang'onopang'ono ngati fanelo yaitali, osati chija chokhala ndi sitepe mkati.

Pothera pake, pamene madzi akugwera mudiramu, kupala mlomo sikuthandiza kanthu. Liwiro lonse limene afika nalo limatayikira momwemo. Choncho usabwererenso ku paipi yaing'ono kumapetoko. Liwiro likatsika ndi theka, masentimita 20 aja amasanduka 5.

Usanakhudze chilichonse, utchere ndowa ya malita 20 uwerenge masekondi mpaka idzadze. Ukamaliza kukonza uyezenso thanki itadzadza chimodzimodzi, unditumizire manambala onse awiri pamodzi ndi chithunzi cha polumikizira paja.