Papadopoulos: Dzina Lotanthauza "Mwana wa Wansembe"

Moni nonse amene mukuonera. Lero tapita ku Greece. Mukaima pamsika mumzinda wa Athens n'kukuwa kuti "Papadopoulos!", musadabwe anthu angapo akacheuka nthawi imodzi. Limeneli ndilo dzina la makolo lofala kuposa onse m'dziko muja.

Tiyeni tiliphwanye pawiri. "Papas" m'Chigiriki ndi wansembe. Akakhala ambiri amati "papades", ndipo "d" ali pakati pa dzinali akuchokera komweko. Mbali yachiwiri, "poulos", ndi mwana. Akatswiri a zinenero amati inachokera ku mawu a Chilatini akuti "pullus", kutanthauza kamwana ka nyama, monga mwanapiye. Ndiye kuti Papadopoulos ndi mwana wa wansembe. Mwanapiye wa bambo mfumu, titero kunena kwake.

Ndikudziwa ena mwatukula nsidze. Wansembe n'kukhala ndi mwana? Eya. Agiriki ambiri ndi a mpingo wa Orthodox, ndipo kumeneko mwamuna wapabanja amadzozedwa unsembe bwinobwino, bola akhale atakwatira asanadzozedwe. Koma mabishopu sakhala pabanja. Tsono taganizani: mudzi uliwonse uli ndi tchalitchi, tchalitchi chili ndi wansembe, wansembe ali ndi mayi kunyumba ndi ana odzaza bwalo. Pofuna kusiyanitsa Nikos uyu ndi Nikos wakuseri kwa phiri, anthu ankangoti "uja wa kwa wansembe". Dzina loitanirana pamudzi lija linamatirira, zidzukulu n'kulitengera. N'chifukwa chake a Papadopoulos awiri akakumana sathamangira kunena kuti ndi pachibale. Agogo awo anali ansembe osiyana, m'midzi yosadziwana n'komwe.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi mchira wa dzinali, chifukwa umaulula kwawo kwa munthu. "Poulos" ndi wa chigawo cha Peloponnese, kumwera kwa dzikolo. Pachilumba cha Crete mwana wa wansembe yemweyo ndi Papadakis. Pachilumba cha Kefalonia ndi Papadatos. Mabanja ena ochokera kumene lero kuli dziko la Turkey ali ndi Papazoglou, poti "oglu" ndi mwana wamwamuna m'chinenero cha kumeneko.

Nanga akazi? Iwo amalemba Papadopoulou, kutanthauza "wa Papadopoulos", kaya ndi bambo wake kaya ndi mwamuna wake.

Koma dzinali lili ndi chipsera. Pa 21 Epulo 1967, msilikali Georgios Papadopoulos ndi anzake analanda boma ndi akasinja, ndipo analamulira mwankhanza mpaka asilikali anzake omwe atamugwetsa mu Novembala 1973. Iyeyu anabadwira ku Peloponnese komweko, monga mchira wa dzina lake ukunenera. Bambo ake? Sanali wansembe ayi. Anali mphunzitsi.