Jekete yofiira ija usaichotse kapepala ka mtengo

Halo, iwe mwana wa amayi, ndine. Zithunzi zija wanditumizira usiku, za zovala zimene wagulira ulendo wako wobwera kuno ku England, ndaziona zonse, ndiye ndati ndisalembe, chifukwa ndikalemba uziti asisi akalipa. Ndili m'basi, ndikuchokera ku ntchito ya usiku, phokoso ukumvalo ndi ana a sukulu. Amayi ali pafupi? Ukweze foni amve nawo, ndikudziwa kuti ku shopu kuja munapita awiri. Mwadzuka bwanji amayi? Mwendo uja ukupezako bwino?

Tsono tamvera. Jekete yofiira ija usaichotse kapepala ka mtengo. Lisiti uli nalo? Mawa m'mawa ubwerere nayo, ukawapemphe mwaulemu, akakana kubweza ndalama akusinthire ndi zinthu zina. Kukongola ndi yokongola, sindikukana, yakukhalanso bwino m'chiuno. Koma ndakulitsa chithunzicho mpaka ndaona mkati, mulibe kanthu, kansalu kopyapyala ngati ka ambulera. Imeneyo ndi ya June wa ku Lusaka, uja woti m'mawa ukudikira basi pa Chilenje mano akugundana, koma pofika masana wavula waikoleka pamkono. Kuno ku Leeds mu January masana otero kulibe. Dzuwa limangosuzumira, ma 16 hours kwada kale, ndipo kuzizira kwake n'konyowa, kumabwera ndi kamvula kowaza ndi mphepo, kumalowa mpaka m'mafupa. K1,500 yathunthu, mwana iwe! Ayi, ndasiya, ndinati sindikalipa.

Vuto ndi langanso, ndinangotumiza ndalama n'kunena kuti gula za mphepo, osafotokoza. Chinthu chake n'chakuti kuno munthu safunda ndi chovala chimodzi chachikulu ayi. Timavala mosanjikiza. Pakhungu kamalaya kothina ka manja aatali, pamwamba pake bulauzi kapena shati, kenako juzi, ndiye jekete pamapeto. Chimene chimasunga kutentha ndi mpweya umene umatsekeredwa pakati pa zovalazo. Komanso m'basi, m'kalasi, m'mashopu, monse muli ma hita, ndiye ukalowa uyenera kuvula chimodzi kapena ziwiri. Ukavala chimjekete chokha pamwamba pa kabulauzi, m'kati uzichita thukuta, ukatuluka thukuta lomwelo likuzizira pamsana, mawa chimfine.

Ndiye zam'katizo ndi zimene ugule kumeneko, ndipo malo ake ndi ku salaula, kwa zovala zovalidwapo kale, ku msika wa Soweto kapena ku City Market. Usandipindire milomo, ndikukuona ngakhale ndili kuno. Ukudziwa kumene mabelo aja amachokera? Ambiri ndi konkuno ku Ulaya ndi ku America. Juzi imene mayi wina wa kuno watopa nayo n'kuipereka, ndi yomweyo imakafika pa Lumumba Road itapanikizidwa m'belo. Inasokedwera mphepo yeniyeni, kusiyana ndi zambiri za m'mashopu a kwathu zimene anazipangira June wathu uja. Ndipo nthawi yake ndi inoyo. November uno, ndi kutentha kumeneko, ndani akufuna juzi? Ogulitsa akungoyang'anizana nazo, ukanenerera pang'ono atsitsa. Ukanapita mu May akanakudula khosi.

Upite m'mawa kwambiri, ufunse tsiku limene amatsegula belo la majuzi, chifukwa zabwino zimatha m'manja mwa ogula kukagulitsanso. Utenge anti a ku Matero, aja samachita manyazi kunenerera, amatha kuchoka katatu n'kubwerera katatu mpaka wogulitsa kuseka yekha. Foni uiike m'kati mwa bulauzi. Usavale mawigi ako aja ndi zikhadabo, akakuona choncho mtengo ukwera usanatsegule pakamwa.

Posankha, usayambe ndi mtundu, yamba ndi kansalu kolembedwa kam'kati kaja, kamakhala m'mbali cha m'munsi. Pakalembedwa wool, merino, lambswool kapena cashmere, gwira osasiya, umenewo ndi ubweya, umafunda ngakhale utanyowa pang'ono. Pakalembedwa acrylic, ndi pulasitiki chabe, imafundako koma imachita timabulu msanga, usalipire zambiri. Thonje ndi labwino kwathu, koma likanyowa limachedwa kuuma, limazizira pathupi. Juzi iliyonse uitambasule padzuwa uyang'ane timabowo ta njenjete, uonenso m'khwapa ndi m'zigongono. Majuzi atatu akwana, awiri opyapyala ndi imodzi yokhuthala. Masokosi okhuthala ambiri, ndi mataiti akuda ovala m'kati mwa thalauzi. Magolovesi ukapeza tenga, koma ine ndataya kale mapeya anayi m'mabasi omwewa, ndiye usawonongerepo ndalama.

Eya, ndisanaiwale, kuchapa! Amayi, chonde, majuzi amenewo musawaviike m'madzi otentha monga mumachitira ndi za salaula zonse. Ndikudziwa mumafuna kupha fungo lija, koma ubweya ukaona madzi otentha n'kuufikisa umakhwinyata, juzi ya munthu wamkulu imasanduka ya mwana wa giredi 2. Madzi ozizira, sopo pang'ono, osapotokola pofinya, muyanike chogoneka pa thaulo pamthunzi. Mukaipachika pachingwe italika manja mpaka m'maondo.

Mvula yayamba kumeneko? Ndaona wina waika inswa pa WhatsApp, mtima unandipweteka tsiku lonse. Ndi mango aja a kuseri kwa nyumba, ana a aneba sanawathe? Kuno mango amodzi okha mtengo wake ungalire, kukoma kwake ngati ukudya mbatata yaiwisi. Paja ndamva kuti mwana wa atcheya a mpingo ukwati wake wayimitsidwa, n'zoona? Mundiuze bwino nthawi ina, osati pagulu la banja, muja muli anthu atatu amene pakamwa pawo sipatsekeka.

Ndimanena chiyani? Nsapato. Mabuti a chidendene chosongoka aja ndawaona pachithunzi chachitatu, unawabisa kumbuyo kwa chikwama, koma ndawaona. Amenewo ndi a kutchalitchi, kuchoka m'galimoto kulowa pakhomo. Kuno kukazizira mpaka kufika pa 0, madzi a pamsewu amaundana, ndipo saoneka, umangoona ngati simenti yanyowa. Ine chaka changa choyamba ndinatuluka ndi nsapato zanga za ku Kamwala zosalala kunsi, ndinagwa chagada pa siteji, mpunga wa m'kontena kumwazika ponseponse, agogo ena achizungu akundidzutsa kwinaku akundifunsa ngati ndikudziwa dzina langa. Sabata ziwiri ndinkakhala ndi thako limodzi. Ufune nsapato zotseka mpaka m'kakolo, zafulati, kunsi kwake kwa labala ya mano ngati tayala, zosalowa madzi. Uziyese utavala masokosi okhuthala, zikhale zokulirapo pang'ono, chifukwa nsapato yothina zala zimachita dzanzi msanga.

Jekete yaikuluyo isiye, tidzagula kuno. Pokhapokha ukaipeza ku salaula yeniyeni, yofika m'maondo, ya chipewa, zipi yake ikuyenda mpaka kukhosi popanda kukodwa, apo tenga. Apo ayi usavutike. Kuno kuli mashopu a zachifundo msewu uliwonse, salaula yomweyo, kungoti aipachika pa mahang'ala ndipo muli hita. Yanga yakuda ija munaiona pa chithunzi cha Khrisimasi ndinagula mapaundi 12, ndipo kutchalitchi azimayi a ku Ghana anandizungulira kufunsa kuti ndinaipeza kuti, ine ndinangomwetulira, sindinawauze. Komanso kuyambira pa 26 December mashopu akuluakulu amagwetsa mitengo ya zovala za mphepo mpaka mu January, ndiye ukufika nthawi yabwino. Ku eyapoti ndidzabwera ndi jekete yanga ina, udzavale pomwepo.

Za kutchena ndikudziwa ndi zimene zikukudetsa nkhawa, ukuopa kuoneka ngati thumba la makala. Tamvera, jekete uzivala yomweyo tsiku ndi tsiku miyezi inayi, ndiye ikhale yakuda, yotuwa kapena ya khofi, yoti igwirizane ndi chilichonse. Mtundu uuike pa sikafu ndi chipewa, ndi zimene anthu amaona. Ndipo pali chimene ndinachita ine, anzanga kuntchito mpaka pano akundivutitsa nacho. Utenge chitenge chowala bwino ku Kamwala, upite nacho kwa atelala athu a pa msika, adule chachitali ngati mamita awiri, m'kati asokereremo nsalu yofewa ija ya tibulangete ta ana. Kunja chitenge, kukhosi kofunda. Masikafu otere usoketse atatu, mmodzi ndi wanga, wa mtundu wa lalanje. Duku lokha silithandiza, makutu amakhala panja, ndipo makutu ndi amene amayamba kupweteka. Chipewa choluka ugule chachikulu, choti malukidwe ako alowemo.

Sutikesi usaidzaze ndi majini asanu, uone pa tikiti yako, nthawi zambiri chikwama chimodzi ndi makilogalamu 23, akapitirira amalipiritsa zowawa. Zolemera uvale pathupi, juzi yokhuthala uinyamule pamanja, pa eyapoti ya Kenneth Kaunda anthu adzakuseka ndi kutentha kuja, asiye aseke. Vaseline utenge botolo lalikulu, khungu kuno limatuwa ngati wagona paphulusa, milomo kung'ambika. Amayi, nyama yowamba ija musamuikire, nyama ndi za mkaka salola kulowa nazo kuno, adzamulanda n'kumuchititsa manyazi.

Ndatsala pang'ono kutsika. Ndalama zikabwezedwa usazigwiritse zina, ndakudziwa. Ukafika ku Soweto undiimbire pa vidiyo ndione nawo, ngakhale ndili mtulo ndidzuka, kumbukira kuti panopa tili m'mbuyo ndi maola awiri. Ndipo juzi yanga yobiriwira ija ndinasiya m'katoni pamwamba pa wadiropu, ija ndi ubweya weniweni, ngati alamu sanaitenge ubwere nayo. Dikira, ndadutsa siteji yanga.