Kuphatikiza mowa ndi mankhwala amphamvu opha ululu: zomwe zinayankhulidwa kwa Chinamwali ku Zomba

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Za mnyamata wakabaza uja mwazimva. Anagwa pa njinga, kuchipatala anam'patsa tramadol, Loweruka n'kukakhala pa kachasu. Anzake anam'nyamula n'kukam'goneka, amvekere waledzera, adzuka mawa. Mayi ake akanapanda kudabwa ndi mkonono wake usiku, bwenzi tili pa maliro.

Sindikunena Panado ayi. Ndikunena morphine, uja wamadzi amene odwala khansa amamwa maola 4 aliwonse, tramadol, codeine, ndi pethidine wa jakisoni. Onsewa ndi amodzi. Amapha ululu, inde, koma amafooketsanso kachigawo ka ubongo ka cha kunkhongoku, kamene kamalamula kupuma. Mukagona simukumbukira zopuma, kamakupumitsani ndi kameneko. Mowa nawo umakafooketsa pomwepo. Zikakumana, mpweya umayamba kutalikirana, munthu n'kutsirizika ali m'tulo, osakuwa, osaphupha. Akasanza, masanzi amalowera kum'mero wa mpweya. Mukamamwa mankhwalawa, mowa ayi.

Tramadol ali ndi chakenso, amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Kapisozi mmodzi ndi 50 mg, ndipo ngakhale dokotala sapitirira 400 mg patsiku. Koma anyamata ena mukumeza atatu nthawi imodzi, ati kuti mupalase osatopa. Tikukuonanitu. Inunso amayi, morphine wa agogo si wogawira aneba dzino likawawa. Mlingo umene uja anauyezera thupi lomwe linazolowera.

(Bambo wina kumbuyo: "Nanga chibuku? Chija n'chakudyatu. Ndipo ngati mankhwala ndamwa m'mawa, madzulo amakhala atatha.")

Musaseke, ambiri mukuganiza zomwezo. Bambo, chimene chimakuledzeretsani mu chibuku ndi mu masese n'chomwecho chili mu kachasu, kungoti n'chochepa pa kapu. Nanga alipo amamwa kapu imodzi? Kachasu ndiye woopsa zedi, chifukwa mphamvu yake palibe amaiyeza, wa mutu ndi wotsirizira sizifanana. Za m'mawazo, ululu ukabwerera sindiye kuti mankhwala achoka m'magazi. Tramadol pakatha maola ngati 6 amakhala atangochoka theka. Alipo mapiritsi a morphine osungunuka pang'onopang'ono, ogwira maola 12, ndipo amenewo musamawaphwanye kapena kutafuna. Ena amati ndidumphe mankhwala lero ndikamwe ku chinkhoswe, usiku ululu ukawapana n'kumeza awiri, mowa uli m'mimba. Choopsa kwambiri n'chimenecho. Ndipo codeine nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi paracetamol, Panado uja, ndiye chiwindi chikuvulala mbali ziwiri. Ngati mowa simungausiye, muuzeni dokotala asanalembe, sakumangani. Mankhwalawa ndi mowa ayi, bambo.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumsika, ndithamange. Munthu amene wamwa mankhwalawa ndi mowa akagona, muitaneni mokweza, m'gwedezeni, m'tsineni. Osadzuka, tsegulani chikope: mwana wa diso akachepa ngati nsonga ya singano, ndi mankhwalawo. Werengani mpweya mphindi imodzi pa foni. Wabwino amapuma ka 12 mpaka 20, akatsika pa 12 musadikire kuti kuche. Onani m'kati mwa milomo ndi zikhadabo ngati zatuwa. M'gonekeni chammbali, bondo lapamwamba lopinda, chibwano chokweza. Mkaka ayi, madzi amchere ayi, musam'sanzitse, musam'thire madzi. Akasiya kupuma, m'gonekeni chagada, tsinani mphuno, muuzireni mpweya m'kamwa pa masekondi 5 aliwonse. Pezani galimoto, pa njinga agwa, thamangani naye kuchipatala cha Zomba Central mutatenga paketi kapena botolo la mankhwalawo, ndipo mukanene kuti wamwanso mowa. Alipo jakisoni wa naloxone wobweza mphamvu ya mankhwalawa, koma mowa sauchotsa, ndipo amatha msanga, mphindi 30 mpaka 90. Akatsitsimuka musam'tengere kunyumba asanakuuzeni anamwino.

Amene muli ndi odwala pakhomo tsalani pang'ono, tione mabotolo anu.