Makalata anu: ndodo ya ku Singapore, majaji a ku India ndi makhothi awiri a ku Malaysia

Moni nonse kulikonse komwe mwatchera khutu. Sabata yatha tinakamba za mmene maiko a ku Asia amayendetsera malamulo awo, nde makalata abwera ambiri ndithu koma lero tiwerenga atatu okha.

Yoyamba yachokera ku Dedza kwa bambo a geni ya kachewere. Akuti: "Achimwene, ndimamva kuti ku Singapore ukalakwa amakukwapula ndipo katangale kulibe olo pang'ono. Si mankhwala ake amenewo? Demokalase yangotichulukitsira mbava. Bwanji osangotengera za kumeneko basi?"

Zikomo bambo, kuwawidwa mtima kwanuko ndikukumvetsa chifukwa nanenso zimandipweteka. Za ndodozo nzoona, khothi limagamula kuti mwamuna akwapulidwe, akazi ayi, amuna opyola zaka 50 ayinso. Mu 1994 mnyamata wa ku America Michael Fay anamugamula zikoti 6 pa mlandu woononga magalimoto a eni, pulezidenti Bill Clinton anachita kumupepesera koma anangochotsako ziwiri, 4 zinamupeza ndithu. Koma bambo mvetsani apa, mlandu wa ziphuphu ku Singapore chilango chake ndi faindi ndi ndende, ndodo palibepo. Chimene chinagwira ntchito ndi bungwe lawo lofufuza katangale la CPIB lomwe lilipo chiyambire 1952, kenako lamulo la 1960 linalipatsa mano, moti ukakhala ndi chuma chosagwirizana ndi malipiro ako khothi likhoza kutenga chimenecho ngati umboni wotsimikizira mlandu. Ndipo saopa nkhope. Mu 2024 S. Iswaran yemwe anali nduna ya zamtengatenga anamugamula miyezi 12 kundende chifukwa cholandira mphatso kwa anthu a bizinesi, munthu wa chipani cholamula chomwecho. Chimenechi nde ndimachisirira ine.

Tsono mukati titengere zonse, dziwani kuti katunduyo amabwera ndi zina. Chipani cha PAP chikulamula kuyambira 1959 osasinthapo. Mtsogoleri wotsutsa J.B. Jeyaretnam anamusumira milandu yoipitsa mbiri mpaka chuma chinamuthera, mu 2001 nkutaya mpando wake ku palamenti. Chamba chopyola magalamu 500 ukapezeka ukuchizembetsa ndi chingwe, mu 2023 ananyonga munthu pa nkhani ya kilo imodzi. Inuyo mwalemba kalata yodzudzula boma ndipo ine ndaiwerenga pa wailesi popanda kunjenjemera, ufulu umenewo musaugulitse motchipa. Komanso malamulo athu a 1994 analetseratu khothi kugamula zikoti.

Yachiwiri ndi ya mayi aphunzitsi a ku Zomba. "Ana a Folomu 4 anandifunsa ngati ku Asia khothi linayambapo lachotsa mtsogoleri ngati mmene khothi lathu linafafanizira chisankho mu 2020. Ndiwayankhe chani? Nanga makhothi abwino ndi ati, a ku India kapena a ku Japan?"

Mayi, anawo afunsa funso lakupsa. Auzeni za 1975. Khothi lalikulu la ku Allahabad linagamula kuti Indira Gandhi, nduna yaikulu ya India, anapambana mpando wake wa uphungu mophwanya malamulo chifukwa anagwiritsa ntchito anthu a boma pa kampeni. Koma mayiyo sanatule pansi udindo, pasanathe masabata awiri analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, otsutsa nkuwatsekera, manyuzi nkuwamanga pakamwa, mpaka 1977 pomwe anthu anamugwetsa okha ndi voti. Nde chigamulo pachokha sichinakwane. Ku South Korea zinayenda mwina. Khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linachotsa pulezidenti Park Geun-hye mu 2017, kenako pulezidenti wina Yoon Suk Yeol atalengeza ulamuliro wa asilikali usiku wa pa 3 December 2024 aphungu ena anachita kukwera mpanda kuti alowe mu palamenti, aphungu 190 anavota kukana usiku womwewo asilikali ali pakhomo, ndipo pa 4 April 2025 majaji onse 8 anagwirizana zomuchotsa. Nkhani imeneyi ndikaikumbuka thupi limachita tsembwe, anthu wamba anathamangira pageti usiku kukatsekereza asilikali.

Funso lachiwirilo ndi lovuta mayi. India ili ndi majaji olimba mtima koma milandu yodikira yapyola 50 miliyoni, ndipo mwa akaidi 4 aliwonse pafupifupi atatu ndi oti sanaweruzidwe nkomwe, ali pa limandi, ambiri ndi amphawi osowa ya belo kapena loya. Ku Japan zimaoneka zadongosolo, milandu yoposa 99 pa 100 ikafika kukhothi munthu amapezeka wolakwa, mwa zina chifukwa oimira boma amangotengerako milandu imene akudziwa kuti awina. Koma apolisi akhoza kukusunga masiku 23 asanakutsegulire mlandu, akukufunsa loya wako palibe mchipindamo, ndipo ambiri amangovomera kuti apume. Iwao Hakamada anamugamula kuti anyongedwe mu 1968, anatuluka mu 2014 mutu utasokonekera kale, ndipo mu 2024 mpomwe khothi linanena kuti alibe mlandu, umboni unali wopeka. Anali ndi zaka 88. Ine pa awiriwa sindingasankhe Japan chifukwa chongoti zimayenda mwachangu.

Yomaliza yachokera ku Johannesburg kwa mchimwene wakwathu ku Mangochi. "Malume, mnzanga wa kumzikiti akuti ku Malaysia Asilamu ali ndi makhothi awoawo. Zoona? Sizisokoneza?"

Nzoona mphwanga. Kuli makhothi a boma otsata malamulo omwe anasiya Angelezi, ofananako ndi athuwa, komanso makhothi a Shariah a Asilamu okha, oona za ukwati, kusudzulana, chuma cha masiye ndi zolakwa zina za chipembedzo. Kupha, kuba, katangale zonsezo ndi za khothi la boma, lomwenso linatumiza Najib Razak, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo, kundende mu 2022 pa ndalama za thumba la boma la 1MDB. Mabanja ambiri a Chisilamu zimawayendera bwinobwino. Pamene pamavuta ndi pomwe banja limodzi lagwera mbali ziwiri. Mu 2009 bambo wina wa Chihindu analowa Chisilamu nkulembetsanso ana ake atatu mayi awo osadziwa, natenga wamng'ono wa miyezi 11 nkusowa naye. Khothi la Shariah linapereka ana kwa bambo, khothi la boma linapereka kwa mayi, apolisi nkumati sakudziwa chigamulo choti atsate. Zinatenga mpaka January 2018 kuti khothi lalikulu la dzikolo linene kuti mwana sangasinthidwe chipembedzo popanda makolo onse awiri kuvomera. Mayiyo anawina mlandu, koma tsiku lachigamulolo mwana wake anali asanamubwezerebe, patatha zaka pafupifupi 9.