Makalata a Omvera: Baji ya Upulifekiti Imalemera

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, kaya muli pakhonde, kaya muli mu hositelo mwabisa kawailesi kunsi kwa pilo (mukagwidwa musati ndakutumani ndine). Yakwana nthawi ya makalata anu, ndipo muli ndi amalume anu aja. Sabata yatha tinakamba za utsogoleri wa ana asukulu, ndiye makalata abwera osati masewera. Mwa nthawi zonse, dzina la wolemba ndi la sukulu yake sinditchula. Ndingotchula boma.

Yoyamba yachokera ku Ntcheu.

"Amalume, ine ndili Fomu 3 pa sukulu ina yogonera konko. Teremu yatha anandisankha kukhala pulifekiti wa ku dayiningi. Poyamba ndinkanyadira, koma pano ndikufuna kukabweza baji. Tsiku la nyama, anzanga amene tinachokera limodzi ku pulayimale amanditsinzinira diso kuti ndiwaonjezere nthuli. Ndikakana amati ndayamba matama. Chondivuta kwambiri n'chakuti mnzanga wapamtima amadumpha mpanda usiku kukaonera mpira wa ku England pa tiledingi senta. Abodingi masitala atandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu, ndinati ayi. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Nditani?"

Mphwanga, akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlandu wa munthu wosamudziwa ngwosavuta kuweruza, koma wa mnzako wodya naye mbale imodzi umagwira dzanja. Komabe baji usabweze. Amene angaitole ukaitaya mwina ndi uja amene kugawa nthuli mokondera sikungamusowetse tulo ngakhale pang'ono.

Tiyambe ndi za nyamazo. Poto ndi mmodzi, ndipo ophika sawonjezera nyama chifukwa choti pulifekiti ali ndi anzake ambiri. Nthuli imene waponya mwamseri m'mbale ya mnzako yachoka m'mbale ya wina. Winayo ukumudziwa. Ndi kamnyamata ka Fomu 1 kaja kali kumapeto kwa mzere, kovala juzi yaikulu yosiyiridwa ndi mkulu wake, kamene kakafika pa poto kamapeza msuzi wokhawokha n'kungoti zikomo. Sikadandaula, chifukwa sikadziwa kuti kaberedwa. Anzako aja akatsinzinanso diso, uwaloze kumapeto kwa mzereko. Ndiponso upemphe abodingi masitala kuti makalasi azisinthana poyamba kulandira, lero Fomu 1, mawa Fomu 4. Iweyo uzilandira pomaliza, anthu akuona. Pulifekiti amene amadya pomaliza n'kovuta kumunena kuti amaba.

Za wodumpha mpandayo ndiye zolemera. Unanama, ndipo mtima wako wakuuza kale, n'chifukwa chake sukugona. Usathamangire ku ofesi mnzako asakudziwa, chifukwa kumeneko ndiko anzako amakutcha ukazitape, ndipo pang'ono amakhala akunena zoona. Yamba wamupeza ali yekha, kaya kumpopi, kaya pochoka ku pulepu. Umuuze maso ndi maso kuti unamubisa kamodzi ndipo sudzamubisanso. Ukatero, bodza lija ukalikonze kwa abodingi masitala, makamaka mutapita limodzi iye n'kukaulula yekha. Chilango cha wodziulula kawirikawiri chimathera pa kutchetcha kapena kukumba dzenje. Koma akadzagwidwa usiku, kapena akadzakumana ndi zigawenga m'njira, funso loyamba lidzakhala lakuti ankadziwa ndani. Akwiya, inde. Mwina teremu yonse sakulankhulitsa. Zimenezo sindingakunamize kuti sizipweteka.

Pali kauthenga ka pafoni kochokera ku Kasungu: "Ife tili Fomu 1 anatichapitsa masokosi ndi kutiimbitsa nyimbo usiku. Lero tafika Fomu 2 akuti tisakhudze ana atsopano. Chilungamo chili pati?"

Palibe, mphwanga. Anakulakwirani, ndipo amene anakulakwirani ena anamaliza kale sukulu. Koma mwana wabwera dzuloyo ngongole imeneyo sanakongole ndi iye. Masokosi ako chapa wekha.

Yachitatu yalembedwa ndi dzanja lokongola, yachokera ku Mangochi.

"Amalume, ndine mtsikana wa Fomu 3 pa CDSS ina. Ndinapikisana nawo pa uhedi gelo koma ndinagwa. Pa tsiku lodzigulitsa pa asembule Chingerezi chinandithawa, mawondo ananjenjemera, anyamata n'kuyamba kukuwiza. Amene anapambana ndi wodziwa kulankhula. Ine angondipatsa usungichuma wa kalabu ya zachilengedwe, ndalama zake sizikwana n'kugula thumba la feteleza lomwe. Kodi munthu wamanyazi ngati ine angadzatsogolere anthu?"

Chemwali, choyamba ndikuyamike. Unaima pa asembule mawondo akunjenjemera. Amene ankakuwiza aja anali m'chigulu, palibe anatuluka kudzaima pamene unaima iwe.

Pisa m'thumba, ngati muli K200 uyang'ane nkhope ili pamenepo. Amenewo ndi mayi Rose Chibambo a ku Mzimba. M'zaka za m'ma 1950, ndale zili za amuna okhaokha, iwo anayamba ndi kusonkhanitsa amayi anzawo ku Zomba, mpaka anadzakhala mtsogoleri wa amayi mu Nyasaland African Congress. Mu 1959 atsamunda anawatsekera ali ndi khanda m'manja. Ganiziranso za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza. Mayi amenewa anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27, kutayipa makalata a anthu ena, asanaitanidwe kwawo kukalowa ufumu mu 2003. Atalowa, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana ku sukulu, ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewo. Pofika 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa, ukwati n'kukhala wa oyambira zaka 18. Ndani akanaloza mlembi uja pa desiki pake n'kunena kuti adzagwedeza dziko?

Tsono za usungichuma ukuupeputsawo. Ine ndikadafunsidwa kuti mwa maudindo onse a pasukulu wovuta ndi uti, ndikadatchula umenewo. Gula kope la masamba ochepa. Kwacha iliyonse yolowa ulembe tsiku ndi dzina la wopereka, yotuluka ulembe chomwe yagula, kaya ndi machubu a mbande, kaya ndi kheni yothirira. Wina akabwera kuti umubwereke ya chiwaya abweza Lolemba, ukane, angakhale wapampando. Pa msonkhano uliwonse uimirire uwerenge kopelo mokweza. Apo wapha ziwiri: anthu aphunzira kukukhulupirira, ndipo pakamwa pako pazolowera kulankhula pagulu, anthu khumi poyamba, kenako makumi atatu. Dziko lino odziwa kulankhula ndi ambiri zedi, timawamva pa misonkhano tsiku ndi tsiku. Osowa ndi amene ungawasungitse ndalama n'kukaipeza yonse.

Iyi tsopano ndi yaitali, ndangotengamo mutu wake. Yachokera ku Mzimba.

"Amalume, ine ndine hedi boyi. Teremu ino nyemba zikubwera zofumbwa, anankafumbwe akuyandama pamwamba pa msuzi, ndipo ufa ukununkha chuku. Tadandaula koma sizikusintha. Anyamata agwirizana kuti Loweruka usiku aphwanye magalasi a ku ofesi ndi kuotcha sitolo ya zakudya. Akuti ndikapanda kutsogolera ndine wogulidwa ndi ahedi. Wina anandiuza kuti ngakhale matipate anabwera chifukwa ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero. Ndikakana andimenya, ndikavomera andichotsa sukulu, ndipo MSCE yayandikira."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, mphwanga, ndipo zako zikuchokera mbali zonse ziwiri. Ndiyambe ndi kunena kuti anyamatawo dandaulo lawo ndi loona. Makolo analipira fizi, ena atagulitsa mbuzi, ena fodya. Mwana kudya nyemba zofumbwa teremu yonse si mwambo, ndi kulakwa. Hedi boyi amene angaime pa asembule kuuza anzake kuti zonse zili bwino, ameneyo ndiye wogulidwadi.

Za 1992 mnzakoyo wamva mbali imodzi. Pa 8 Malichi chaka chimenecho kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba kuikira kumbuyo mabishopuwo, koleji n'kutsekedwa. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu, anthu n'kusankha matipate. Koma taona bwino. Chinayatsa moto chinali chikalata cholembedwa mosamala, chotchula mavuto limodzi limodzi, eni ake atasaina mayina awo. Ndipo nthawi imeneyo njira zina zodandaulira kunalibe, ukayankhula umakathera ku Mikuyu. Inu njira muli nazo zambiri, ndipo m'kalata yako sindikuona kuti mwaziyenda zonse. Wati mwadandaula. Mwadandaula kwa yani, pakamwa kapena polemba?

Mawa lomwe, usadikire Lachisanu, sonkhanitsa mapulifekiti ndi mamonita a makalasi onse. Lembani kalata ya tsamba limodzi: tsiku lakuti tinadya zakuti, odwala m'mimba anali akuti. Mawu achipongwe musaikemo, chifukwa amapatsa wolakwa pothawira. Musaine nonse. Tengani mbale ya nyembazo mmene zilili, yovundikira, mukaiike pa tebulo la ahedi pamodzi ndi kalatayo, ndipo mupemphe tsiku lenileni la yankho. Kope lina lipite kwa wapampando wa PTA. Makolo akaona okha zomwe ana awo akudya, nkhani imayenda msanga kuposa mmene mwala ungayendere. Zikakanika pamenepo, kuli ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu.

Ukatero ubwerere kwa anyamata uwawerengere kalatayo, adziwe kuti sunakhale chete. Uwakumbutsenso mmene nkhani zoterezi zimathera, poti tazimva kambirimbiri pa nkhani za wailesi: sukulu imatsekedwa, apolisi amatola angapo, ndipo potsegulira kholo lililonse amalilipiritsa ndalama zokonzera zowonongeka, ngakhale kholo la mwana amene usikuwo anali mtulo. Sitolo ikapsa, ngakhale nyemba zofumbwazo kulibe. A Fomu 4 ndiye mumaluza masabata amene MANEB sidzakubwezerani. Ndipo ngati pofika Loweruka ena akadali ndi maganizo a moto, uwauze poyera kuti ukukadziwitsa aphunzitsi, kenako upitedi. Moto wa usiku pa sukulu yogonera konko susankha kuti uyu anavomera, uyu anakana. Poti akuopseza kukumenya, zimenezonso aphunzitsi azidziwe lero, ndipo usamayende wekha kukada.

Yomaliza yachokera kwa bambo wina wa ku Mulanje, ndipo sanabwere ndi nthabwala.

"Inu a pawailesi mukusokoneza ana. Mwana wanga anali woyamba m'kalasi. Chimusankhireni upulifekiti watsika kufika nambala 9. Ku yunivesite amafuna mapointi, safuna baji. Ndamuuza asiye."

Poti anawa amanditcha amalume, inu ndinu alamu anga, ndiye tilankhulane ngati pachibale. Pa mapointi simukunama. Pa MSCE amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Pa fomu yofunsira malo baji siichotsa pointi ngakhale imodzi. Kutsika kuchoka pa 1 kufika pa 9 si nkhani yoseka, ndipo mwachita bwino kuiona msanga.

Koma musanamulande bajiyo, alamu, mufunseni kuti tsiku lake limayenda bwanji. Ana ambiri akapatsidwa udindo amaganiza kuti ntchito yonse ndi yawo. Belu aimbe iwo, ochedwa alembe iwo, pokolopa ayang'anire iwo, pulepu yonse n'kuthera kulemba mayina a olongolola pamene anzawo akuwerenga Biology. Mwana woteroyo chomwe sanaphunzire ndi kugawira anzake ntchito ndi kunena kuti ola ili ndi la mabuku anga. Akazisiya lero osaphunzira zimenezo, adzakumana nazo ku koleji, adzakumana nazonso pantchito. Pitani ku sukuluko mukakhale pansi ndi aphunzitsi a kalasi yake, iye ali pomwepo. Mugwirizane kuti ntchito zina apatse anzake, ndipo mumupatse teremu imodzi. Zotsatira zikapanda kukwera, asiye, koma akatule udindowo yekha kwa ahedi ndi pakamwa pake, osati kungosowa pa ntchito ngati wathawa ngongole.

Nthawi yatithera. Mtsikana wa ku Nsanje amene wafunsa za mphunzitsi amene akumuvutitsa, kalata yako sindiiwerenga pa wailesi, koma usadikire pulogalamu ya sabata yamawa: uza mayi ako kapena amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu panu lero lomwe. Hedi boyi wa ku Mzimba, utilembere Lolemba kuti Loweruka linatha bwanji. Tsalani bwino.