Mbalame za m'phiri: ndani akuimba, ndipo akuuza ndani?

Takulandiraninso! Lero tili m'nkhalango za pa Zomba ndi Mulanje. Ngati simunadine sabusikiraibu, dinani pompano, tiyambepo.

Choyamba, lawirani. Ikamakwana 5 koloko m'mawa mukhale mutafika kale, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Disembala, pomwe mbalame zambiri zimaswana. Valani zosawala, tengani zoonera patali za 8x42 (zokulitsa chinthu ka 8), kope ndi pensulo. Basi.

Chachiwiri, kadyedwe. Mukaona linthumbu likudutsa pansi pa mitengo, musathawe. Imani chapatali, masokosi pamwamba pa buluku. Thyolo alethe, mbalame yomwe ili pangozi yotha chifukwa cha kudulidwa kwa nkhalango, imatsatira linthumbulo. Cholinga chake ndi tizilombo tomwe tikubalalika poopa kulumidwa. Imatera pakanthambi kam'munsi, n'kudumphira pansi, kutola, kubwerera.

Chachitatu, ndipo apa mundimvetsetse. Anthu amati yoimba ndi yaimuna yokha, yaikazi ntchito yake n'kufungatira mazira. Bodza limenelo! Linachokera kuti? Kafukufuku wakale wambiri anachitikira ku Ulaya ndi ku North America, komwe mbalame zambiri zimasamuka nyengo yozizira, zikabwerera zazimuna n'kumaimba polimbirana malo ndi zazikazi. Kuno n'kosiyana. Mitundu yambiri imakhala pamalo amodzi chaka chonse, yaimuna ndi yaikazi, ndipo malowo zimatetezera limodzi. Kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti pa mitundu ya mbalame zoimba yomwe anaiunika, 71 pa 100 iliyonse zazikazi zimaimba. Ndiye inu a m'makomenti amene mumalemba kuti "kamwamuna kakufunsira", mwamva?

Yesani nokha ndi mwiyo, m'mphepete mwa nkhalango. Mumamva ngati nyimbo imodzi: kaluzu, kenaka mawu okhadzula. Pamenepo mbalame ndi ziwiri, zikulandizana mwachangu moti khutu silimva polumikizira. Yendani pang'onopang'ono mpaka mukhale pakati pawo, mudzamva theka likuchokera kumanja, theka kumanzere. Uthengawo ukupita kwa anzawo oyandikana nawo: pano pali eni ake, ndipo tilipo awiri. Tingoti, ngati izi mwazimva koyamba, tipatseni laiki.

Chachinayi, malire. Jambulani mapu m'kope, muziika kadontho pamtengo uliwonse pomwe zaimbira. Pakatha m'mawa ungapo, madonthowo aonetsa pomwe malo awo akuthera. Pomwe mabanja awiri amayankhana mokalipa, malire ndi omwewo.

Chachisanu chimandikwiyitsa: kuliza nyimbo ya mbalame pafoni kuti iyandikire. Imayesa kuti mdani walowa, imasiya chisa ndi kudya n'kumasaka mbalame yomwe kulibe. Komanso mapu anu aja awonongeka, chifukwa mwaikoka nokha. Foniyo jambulirani mawu, ndipo pomaliza mutchule malo ndi nthawi.

Vidiyo yotsatira tikwera ku Nyika, tikaone timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa tikuthamangitsana pa tchire limodzi. Dinani kabelu kaja.