Achemwali, kamita kaja muyambire pa filiji

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu andiimbira kuti kaphukusi kaja kafika. Ndiye ndati ndingokujambulirani mawu, kulemba zonsezi zala zingatope. Mumvetsere muli nako m'manja kamitako, kaja koyezera magetsi amene chinthu chikudya, mukatulutse m'bokosimo kaye.

Chabwino. Kumbuyo kuli mano atatu ngati pulagi wamba, kutsogolo kuli mabowo atatu ndi kagalasi koonetsa manambala. Mumakalowetsa pa soketi ya pakhoma, kenako chinthu chimene mukufuna kuyezacho mumachilowetsa pa kamitako. Basi. Pamenepo palibe chovuta. Chovuta ndi manambalawo.

Pali batani, kanuko ndikukumbuka palembedwa FUNCTION, tina amalemba MODE, ndi chimodzimodzi. Mukamadina nambala imasintha. Muona V, muona A, muona W, muona kWh. V ija ndi mphamvu ya magetsi amene akubwera m'nyumbamo, kuno kwathu imayenera kukhala cha m'ma 230, madzulo aliyense akuphika mutha kuiona yatsika, isakudetseni nkhawa lero. A isiyeni. Zanu ndi ziwiri, W ndi kWh. Ndibwereze, W ndi kWh.

W ndi mawatsi, kutanthauza kuti chinthucho chikukoka magetsi ochuluka bwanji panopa, nthawi yomweyo mukuyang'anayo. Pamene kWh... iiih, ndinene chonchi. Mayunitsi aja mumagula a ESCOM pa Mpamba kapena pa Airtel Money, yuniti imodzi ndiye kWh imodzi. Ndi chinthu chimodzi, dzina lokha. Chinthu cha mawatsi 1,000 chikayaka ola lathunthu chadya yuniti imodzi. Babu lakale lija la mawatsi 100 likayaka maola 10, nalonso yuniti imodzi. Ndiye mwaona, chachikulu chimadya msanga, chaching'ono chimadya pang'onopang'ono koma chikakhalitsa chimafikanso pomwepo.

Mwandimva? W ikukuuzani za panopa, kWh ikuwonkhetsa zonse kuyambira pamene munalowetsa. Imene ikutha ndalama zanu ndi kWh.

Tsopano muyambire pa filiji. Musayambire pa ketulo, ndikudziwa mukufuna kuyambira pa ketulo chifukwa mukuganizira mtsikana wa nyumba ya kumbuyo uja kuti ndiye akutha mayunitsi amene mumasonkherana, ayi, filiji kaye. Muizimitse pa soketi, muzule pulagi, mulowetse kamita, kenako... ayi dikirani. Musaiyatse pompo. Filiji mukaizimitsa muidikire mphindi 5 musanaiyatsenso, injini yake ija siifuna kuzima n'kuyaka nthawi yomweyo. Ngati muli ndi kagadi ka filiji kaja kamadikira kokha, koma ngati mulibe, werengani mphindi 5 pa foni.

Poidikirapo mufufute zakale. Ineyo ndinakayesa kuno ndisanatumize, ndiye muli manambala anga. Pali kabowo kakang'ono palembedwa RESET, mulowetsemo pini, ija yomangira matewera imakwana, mukanikize pang'ono mpaka kWh ibwerere pa 0. Ikapanda kubwerera pa 0 mudzawonkhetsa filiji yanu ndi simbi yanga.

Ndiye mwaiyatsa. Muona W yakwera, mwina 100, mwina 130, zimatengera filiji yake. Poyamba penipeni itha kudumpha kwambiri kamphindi kochepa, n'kutsika. Mukabweranso patapita kanthawi mupeza W ili pa 0 kapena pafupi. Apa ndi pamene anthu amasochera. Wina amaona 130 n'kuyamba kuchulukitsa ndi maola 24 ndi masiku 30, mutu kuzungulira, ati filiji ikundimaliza. Wina amaona 0 n'kunena kuti kamitaka n'kakufa, andigulitsa chinyengo. Onsewo alakwitsa. Filiji imayaka n'kupuma, imayaka n'kupuma, si mumaimva usiku ikung'ung'udza kenako zii? Ndiye pa filiji W musaikhulupirire. Muisiye tsiku lathunthu, maola 24, mudzawerenge kWh.

Ndipo apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene panandivutitsa ine. Ndinalowetsa m'mawa bwinobwino, n'kupita ku ntchito. Masana magetsi anazima, ine osadziwa. Atabwera madzulo kamita kanga kakale kaja kanayambiranso pa 0, chifukwa munalibe batire. M'mawa mwake ndikuwerenga, kanambala kakang'ono, ine kusangalala kuti filiji yanga siidya, mpaka kukawauza anthu. Chonsecho kawerenga usiku wokha. Kanuko kali ndi batire mkati, kakuyenera kusunga nambala magetsi akazima, koma muyese kaye. Muyese chonchi: kakawerengako pang'ono, mukazule pakhoma, mudikire, mukabwezeretse, muone ngati nambala ija ilipo. Ngati yafufutika, ndiye kuti batire sinadzaze, kasiyeni pa soketi kwa kanthawi.

Komanso, ngakhale kasunge nambala, tsiku limene magetsi anazima maola ambiri si tsiku loyezera. Filiji inagona, sinadye, kenako atabwera inathamanga kuti izizirenso. Nambala yake siikuuzani zoona. Mungoyambiranso mawa. Kapena, chabwino kwambiri, muisiye masiku 3 n'kugawa ndi 3, koma muzilemba kuti magetsi anazima liti. Muwauze ana, akazima alembe nthawi pa kalendala.

China, eee, ndinatsala pang'ono kuiwala. Pa kagalasipo pali kawotchi kowerenga nthawi. Musakadalire. Timamita tambiri totchipati timawerenga nthawi pokhapokha chinthucho chikukoka magetsi, filiji ikapuma nako kamaima. Ndiye mudzapeza kakunena maola 9 pamene padutsa tsiku lonse. Inuyo lembani nokha. Mwalowetsa 7 koloko m'mawa Lachiwiri, mudzawerenge 7 koloko m'mawa Lachitatu. Lembani papepala, osati pamtima.

Ndiye kadontho. Achemwali, kadontho. Nambala ikamati 1.2, ndi yuniti imodzi ndi kachidutswa, si 12 ayi. Ikamati 0.85 sinafike n'komwe yuniti imodzi, si 85. Kadonthoko n'kakang'ono, muvale magalasi anu aja, kapena mujambule ndi foni mukulitse. Kuli bambo wina kuno ku mpingo kwathu, ndinamubwereka kanga, ndinamuuza za kadonthoka kawiri konse, iye ee ee ndamva. Mawa lake akundiimbira kuti filiji yake ikudya mayunitsi 90 pa tsiku, akufuna aigulitse. Ndinati bambo, inu mayunitsi 90 mumagula kangati pa mwezi? Anangoti duu. Inali 0.90.

Tinene kuti mwapeza 1.2. Ndikungopereka chitsanzo, yanu idzanena yokha. Muchulukitse ndi 30, akukwana mayunitsi 36 pa mwezi. Kuti mudziwe ndalama, musavutike n'kulowetsa mtengo m'kamitamo, batani la COST lija lisiyeni, limasokoneza ndipo mitengo imasintha. Tengani uthenga umene unabwera pogula mayunitsi komaliza, uja wa manambala 20. Pali ndalama zimene munalipira ndi mayunitsi amene anakupatsani. Gawani ndalamazo ndi mayunitsiwo, mwapeza mtengo wa yuniti imodzi. Kenako muchulukitse ndi 36 uja.

Ikakhala kuti nambala yakwera kwambiri, filiji yaing'ono ngati yanuyo n'kumadutsa mayunitsi 2, 3 pa tsiku, muyang'ane labala wa pachitseko. Tsekerani kapepala pachitseko, mukakoke. Kakatuluka mosavuta, labala watha, kuzizira kukuthawira pamenepo. Muonenso ngati mwaikanikiza kukhoma, kumbuyo kwake kumafuna mpweya. Ndi madzi oundana aja mumawasiya mpaka kukhala chimwala... koma izo tidzakamba.

Mukathana ndi filiji, zinazo n'zachangu. Ketulo muona W ili cha m'ma 2,000, musadzidzimuke. Imayaka mphindi 5 basi, ndiye kuwiritsa kamodzi sikufika n'komwe 0.2. Koma ikawira ka 6 pa tsiku, madzi osamba, tiyi, madzi a nsima, yuniti yapita. Simbi nayonso imayaka n'kupuma ngati filiji, ndiye mufufute ndi pini ija, musite zovala zonse za sabata, muwerenge kWh pomaliza. Osati W. Ndabwerezanso, eti? Osati W.

Hotipuleti ndiye muiyeze tsiku lophika nyemba. Mbale imodzi imakoka cha m'ma 1,000 mpaka 1,500, ndiye nyemba zouma zosanyika zikakhala pamoto maola 3, werengani nokha, mayunitsi 3 akhoza kupita pa mphika umodzi. Pamenepo ndi pamene mudzaone amene akudya mayunitsi pa pulotipo. Alamu akhala akukalipira ana za matchaja a foni, koma foni kuitchaja tsiku ndi tsiku mwezi wonse siifika yuniti imodzi. Muwayezere aone okha, asiye kuzula matchaja a anthu usiku. Zimene zimatentha ndiye zimadya: hotipuleti, ketulo, simbi, giza, hita ya mu June ija.

Koma pa hotipuleti pomwepo, tamverani, izi n'zofunika. Kamitaka kali ndi malire. Mapulagi athu a mano atatuwa amalekeza pa 13A, ndiye kuti mawatsi pafupifupi 3,000. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Musatenge ekisitenshoni n'kulumikizapo ketulo, simbi ndi hotipuleti kuti muyeze zonse pamodzi. Mnyamata wina amene ndinkakhala naye pa lendi anachita zimenezo, ndinamuletsa, iye ati akufuna aone nambala yaikulu. Anaiona. Fungo la pulasitiki nyumba yonse, kamita kanachita kupindika, soketi yakuda bii, alandilodi n'kumudula ndalama. Ndiye inuyo mukamayeza chotentha muzikakhudza kamitako ndi dzanja louma, kakatentha kwambiri zimitsani pa soketi. Ndipo ngati soketi yake ndi yogwedera, ija ya kukhitchini imathetheka ija, musayezerepo, aitaneni amagetsi aikonze kaye.

TV ndi dikoda mutha kuziphatikiza pa ekisitenshoni, izo n'zazing'ono. Muziyeze zikuyaka, kenako muzimitse ndi rimoti muonenso W. Mupeza siinafike pa 0, makamaka dikoda. Tinene ikukoka mawatsi 10 usana ndi usiku, pa mwezi ndi mayunitsi 7. Si zambiri, koma ndi 7 amene palibe waonera kanthu.

Aa, za anthu a nyumba ya kumbuyo. Poti mita ya pakhoma ndi imodzi ndipo mumasonkherana, musapite ndi kamitaka ngati wapolisi. Muyambe kuyeza zanu, muwaonetse pepala, kenako muwabwereke ayeze zawo okha. Akakana basi, asiyeni, koma ambiri amafuna kudziwa.

Ndiye pali zina kamitaka sikangayeze, zimene zilibe pulagi. Mababu a kudenga, kuka yaikulu ija yolumikiza kukhoma, ndi giza. Musayerekeze kumasula mawaya, chonde. Mababu n'zosavuta, mawatsi alembedwa pababu pomwepo, la LED mupeza 7 kapena 9, muchulukitse ndi maola n'kugawa ndi 1,000. Giza ndiye mugwiritse ntchito mita ya mayunitsi yomweyo. Muzimitse zina zonse, filiji muthanso kuizimitsa ola limodzi siiwononga ndiwo bola osatsegula, mulembe mayunitsi amene atsala, muyatse giza madzi ali ozizira, pakatha ola mukawerengenso. Kusiyana kwakeko ndiye giza. Zambiri zimakhala za mawatsi 2,000 kapena 3,000, ndiye musadabwe mukapeza mayunitsi 2 kapena 3 apita. Koma muwauze a kumbuyo aja asayatse kanthu ola limenelo, apo ayi muinamizira giza.

Ndaima pa siteji, minibasi yafika, phokoso liyamba. Mawa 7 koloko mujambule kagalasiko munditumizire pa WhatsApp, pamene palembedwa kWh, kadontho kaoneke. Muwapatse moni alamu.